Funsani Azakhali: Kodi kutukuka n'kwa maleredwe kapena n'kwa thukuta?

Mwezi uno ndalandira makalata atatu ochokera kutali ndi kutali, koma onse akukanda pachilonda chimodzi. Ndayamba ndi ya mnyamata wa kabaza, chifukwa imeneyi ndinaiwerenga katatu ndisanagwire cholembera.

FUNSO

Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 27. Ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza ku Area 25 mu Lilongwe. Njingayo ndi ya abwana ena, ndipo madzulo alionse ndimakawatula ndalama yawo ya tsiku, kaya kwagwa mvula, kaya mafuta asowa. Ndimadzuka 4 koloko m'mawa. Sindimwa, sindisuta, sindibetcha. Masana ndimangodya chimanga chootcha kapena mbatata n'kumwera madzi.

Ndili ndi msuweni wanga amene tinabadwa chaka chimodzi, mudzi umodzi, ku Dowa. Tili Sitandade 3 iye anatengedwa ndi amalume ake a ku Zomba amene ankagwira ntchito m'boma. Ine ndinatsala kumudzi. M'kalasi ndinkamuposa ndine, aliyense kwathu amadziwa zimenezi. Ndinasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, koma ndinalekera Fomu 2 bambo atatisiya, fizi itasowa. Lero mnzangayo ali ku banki, ali ndi galimoto, akumanga. Mwezi watha pamaliro a agogo, anthu ali phee kudikira nsima, anandiuza kuti, "Msuweni, umphawi ndi ulesi ndi kusadziwa kusunga ndalama. Ine palibe anandipatsa kanthu, ndinadzivutikira ndekha." Amayi atamva anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti ndisadandaule, zonse ndi maleredwe, wokulira pa magetsi sangafanane ndi wokulira pa koloboyi, ndingovomereza mmene Mulungu anandilembera.

Kuyambira 2021 ndinkasunga ndalama yoti ndigule njinga yangayanga. Nditatsala pang'ono kukwanitsa, kwacha inagwa kumapeto kwa 2023, mtengo wa njinga n'kuthawa ine ndikuona. Mpaka lero ndikuuthamangitsabe. Tsono Azakhali, akunena zoona ndani? Ngati ndi amayi, ndilekeretu kudzimanaku, ndizidya ndalama zanga ngati anzanga. Ngati ndi msuweni, ndiuzeni pamene ndikulakwitsa.

Wakabaza, Area 25

YANKHO

Mwananga, pepa ndi maliro a agogo ako, pepanso ndi mawu amene unalandira pamalirowo. Pasiwa si malo oyezerana matumba, ndipo wamkulu amene analipo anayenera kumudzudzula msuweni wakoyo pomwepo.

Tiyambe tachotsa mawu akuti ulesi, asakukhale mumtima. Ine ndaphunzitsa ku pulayimale zaka 33, zambiri mwa izo kumidzi ya ku Ntcheu ndi Dedza, ndipo anthu olimbikira kwambiri amene ndinawaona ndi maso angawa anali amayi a ana amene ndinkawaphunzitsa. Tambala woyamba akamalira iwo ali kale pamjigo. Dzuwa likamatuluka atha mizere ingapo kumunda kwawo, kenako apita kukalima ganyu kwa mnzawo kuti apeze kandowa ka chimanga, madzulo asenza mtolo wa nkhuni ulendo wa kumsika, mwana ali kumbuyo. Kusunga ndalamanso ankakudziwa kuposa ine wolandira malipiro. Kakhobidi kankamangidwa pansonga ya chitenje mfundo ziwiri, sopo mmodzi ankamudula patatu. Ambiri mwa iwo anamwalira m'nyumba za udzu zomwezo. Amene anganene kuti amayi aja anasauka chifukwa cha ulesi sanagwirepo khasu lawo. Khama m'dziko muno lilipo lambiri. Chimene chimasowa ndi poliika kuti libale.

Tsono tiwerenge zimene msuweni wako analandira, pakuti iye akuti palibe anamupatsa kanthu. Ankadya katatu patsiku. Anali ndi nyale yowerengera usiku. Anakulira m'nyumba mopezeka nyuzipepala, mokhala munthu wodziwa kuti mafomu a ku yunivesite amatuluka liti, ndiponso kuti kalata yofunsira ntchito imalembedwa bwanji. Fizi inkalipidwa teremu isanayambe, sanathamangitsidwepo m'kalasi mayeso ali pafupi. Koma chachikulu pa zonse, chimene okulira pabwino sachiona chifukwa anabadwa chilipo kale, n'chakuti iye anali ndi pogwera. Akanalephera mayeso a Fomu 4, akanabwereza. Akanadwala chaka chathunthu, akanachira n'kupitiriza. Iwe unapunthwa kamodzi kokha, bambo ako atamwalira, ndipo kupunthwa kumodziko kunakutulutsa m'sukulu mpaka lero. Sindikukana kuti iye ankawerenga usiku. Mwina anavutikadi, pakuti kukulira pakhomo pa amalume kuli ndi misozi yakenso, ana ena amasanduka antchito a m'nyumba. Koma akamati anadzivutikira yekha, akuwafufuta amalume aja m'mbiri yake, ndipo mwano umenewo ukugwera iwo kuposa iwe.

Ngakhale anthu otchuka amene timakonda kuwatchula polimbikitsa ana anali ndi dzanja lowagwira. Tonse tinakula tikumva kuti Kamuzu Banda anayenda wapansi ali mnyamata kuchoka ku Kasungu mpaka ku Rhodesia, anagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, kenako kumigodi ya ku South Africa. N'zoona. Koma sitinena kawirikawiri za amalume ake, a Hanock Msokera Phiri, mphunzitsi amene anali naye limodzi ku South Africa, kapena za mpingo wa AME umene unamuthandiza kupita kusukulu ku America mu 1925. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu komweko, anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2002 chifukwa cha fizi, ngati iwe. Makina ake opanga magetsi ndi mphepo anawamanga ndi mitengo ya bulugamu, zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola kudzala. Limenelo ndi khama, palibe angamulande. Koma panali kalaibulale pafupi ndi kwawo komwe ankabwereka mabuku. Panali bambo ake amene analola kuti njinga yawo yakufa iphwasulidwe, panalinso mnzake amene ankamugulira tizipangizo. Ndipo makinawo anazungulira zaka m'mudzimo dziko lisakudziwa, mpaka 2006 pamene katswiri wina wa zamaphunziro, Dr Hartford Mchazime, anakawaona n'kubweretsa atolankhani. Chaka chotsatira mnyamatayo anali ku Arusha, ku Tanzania, kulankhula pamaso pa anthu a mayiko ambiri, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Ine mtima umandiwawa ndikakumbuka ana anzeru ngati iye amene anadutsa m'manja mwanga, koma mlendo wotere sanaponde pamudzi pawo.

Choncho amayi ako sakulankhula zopanda mutu. Nkhani ya maleredwe imayamba mwana asanadziwe n'komwe dzina lake. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Kupinimbira si kufupika kokha. Mwana amene anasowa chakudya choyenera m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira ali m'mimba mpaka atakwana zaka ziwiri, mutu umavutika kugwira zinthu m'kalasi, ndipo amalowa Sitandade 1 atasenza kale katundu amene anzake alibe. Mu 1994 sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, chiwerengero cha ana chinachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ine ndinapatsidwa Sitandade 1 ya ana oposa 150 pansi pa mkuyu, bolodi litatsamira pathunthu la mtengowo. Amene ankamva anali okhala kutsogolo, ndi amene kunyumba kunali wowafunsa kuti lero mwaphunzira chiyani. Otsalawo ankangoloweza nyimbo n'kumapita.

Koma pamene amayi ako akuti ungovomereza, pamenepo ndasiyana nawo. Ndikuuze za bambo anga.

Bambo anga ndi mng'ono wawo anabadwa bere limodzi, analeredwa ndi mayi mmodzi, ankadya mbale imodzi. Onse awiri analembetsa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, m'zaka za m'ma 1960, kukakumba golide ku Joni. Bambo aang'ono ankabwera ndi masuti, chipewa cha nthenga, galamafoni ndi mafuta onunkhira. Mudzi wonse unkasonkhana pakhonde pawo, ndipo pakatha miyezi itatu ankalembetsanso ulendo wina m'thumba mulibe ndi khobidi lomwe. Bambo anga ankabwera ndi jekete lomwe lija anapita nalo, koma ulendo woyamba anatsitsa malata, wachiwiri anatsitsa makina osokera a Singer opalasa ndi phazi. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, boma linaletsa kulemba anthu a Wenela. Khomo linatsekeka kwa onse awiri tsiku limodzi. Bambo aang'ono anagulitsa galamafoni, kenako masuti aja, imodziimodzi. Bambo anga anaika makina awo pakhonde la sitolo ina pamsika, tepi m'khosi, choko kukhutu, n'kuyamba kusoka mayunifomu ndi kuika zigamba. Kulira kwa makina amenewo n'kumene kunandilipirira sekondale.

Wina anganene kuti eya, ndiye nkhani yonse ndi kudzimana basi, kanthu n'khama phwiti anakwatira njiwa. Inenso ndinkaganiza choncho, mpaka tsiku lina ndinawafunsa bambo atakalamba kuti kusokako anakuphunzira kuti, pakuti kwathu kunalibe telala. Anati mukomponi munali mkulu wina wa ku Mozambique amene Lamlungu lililonse, anzake akupita kumowa, iye ankasoka zigamba za maovololo n'kumalandira tindalama. Bambo ankakhala pambali pake kumugwirira nsalu. Mkuluyo ndiye anawaphunzitsa kudula kolala, ndiyenso anawauza kuti, "Mgodi udzakulavula tsiku lina. Gula chinthu chimene chidzakudyetse ukadzalavulidwa." Bambo anali ndi zaka 26 pamene analeredwa kachiwiri ndi munthu wosakhala mbale wawo, wolankhula chinenero china. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mng'ono wawo anali mukomponi yomweyo, mkuluyo ankamuona tsiku ndi tsiku, koma sanakhalepo pambali pake.

Ndiye ndikuyankhe chonchi: kusunga ndalama ndi kudziwa poika khama nazonso n'zochita kuphunzitsidwa. Ena amaziphunzira pamiyendo ya makolo, ena kwa amalume a ku Zomba, ena amachita kukazifuna okha atamera kale ndevu. Iwe dziwe loyamba linakuphwera msanga, ndipo si mlandu wako. Lachiwiri ndiye ulifune wekha, pakuti palibe adzakunyamule.

Tibwere ku ndalama zako. Sunalakwe kusunga. Chinakupweteka n'chakuti unkasunga makwacha pofuna kugula chinthu cha madola, pakuti njinga zimenezi zimachokera kunja. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Ndalama yako inagona ili yonenepa n'kudzuka itawonda, iwe osaikhudza. Tsono usadikirenso kuti ikwane ya njinga yatsopano ya m'sitolo. Lankhula ndi abwana ako, kapena mwini njinga wina, za pangano loti uziwonjezera pa ndalama ya tsiku mpaka njingayo idzakhale yako. Koma panganolo lilembedwe papepala, tsiku lothera lioneke, mboni ziwiri zisaine, imodzi ikhale wapampando wa pasiteji panu. Ndalama iliyonse uzipereka kudzera pafoni kuti uthenga uzitsala ngati umboni. Zikakanika, tenga makaniko amene umamukhulupirira mukaone njinga yogwirapo kale ntchito. Yakale yako iposa yatsopano ya abwana. Kwa a katapila kokha usapondeko ngakhale zitathina bwanji, chiwongola dzanja chawo chimathamanga kuposa njinga iliyonse.

Ukaipeza njingayo, laisensi, inshuwalansi, nambala ndi chipewa zisakhale zodzaona mawa. N'zowawa kulipira, ndikudziwa. Koma ndanena kale kuti wosauka alibe pogwera, ndipo kulandidwa njinga kamodzi kapena ngozi imodzi kungamwe thukuta lako la zaka zitatu.

Za chimanga chootcha ndi madzi tsiku lonse, ayi mwananga. Kumeneko n'kudya mpamba, pakuti mpamba wako weniweni ndi thupi limenelo ndi maso akuthwa pamsewu wa M1. Uzidya nsima ya nyemba masana.

Makaniko amene amakukonzera njinga, uzikhala pambali pake nthawi imene makasitomala achepa, uzimugwirira sipanala, uzifunsa. Pakatha chaka udzakhala ukudziwa kumasula injini, ndipo mmene njinga zamoto zachulukiramu, wozikonza sagona ndi njala. Kafunsenso ku TEVETA za maphunziro a ntchito zamanja a anthu amene sanamalize sekondale.

Watsala msuweni wako. Mkwiyo ukaphwa, upite kwawo. Usakapemphe ndalama. Ukamuuze kuti mawu aja anakupweteka, kenako umupemphe chinthu chimodzi chodziwika: akufotokozere mmene ngongole za bizinesi zing'onozing'ono zimayendera ku banki, zimene amafuna kwa munthu ngati iwe, ndiponso ngati iye angakuimire. Zimene amalume anaika mwa iye sizinali zoti zithere mwa iye yekha, ndipo iwe ngati mbale uli ndi ufulu wogogoda pakhomo pake. Akakana, wataya ndalama ya minibasi yokha.

FUNSO

Azakhali, ine ndi mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni mu Blantyre. Ndinakulira mu umphawi woopsa. Ndinayamba ndi kugulitsa mandasi, lero ndili ndi mashopu awiri a kaunjika ku Limbe. Ndinalumbira kuti ana anga sadzaona zimene ndinaona ine. Mwana wanga wamwamuna, chitsirizira, ndinamuphunzitsa sukulu zolipira zokhazokha mpaka anatenga digiri. Pano ali ndi zaka 30, amadzuka dzuwa lili paliwombo, foni m'manja, kubetcha mpira ndi kandege. Ndinamupatsa mpamba kawiri, wonse unapita. Sabata yatha ndapeza kuti anakapinyolitsa TV ya pabalaza. Anthu amati make mbuu mwana mbuu, nanga uyu watengera ndani? Ndinalakwa pati?

Mayi wosweka mtima, Chilomoni

YANKHO

Amayi anzanga, sindikuweruzani, chifukwa inenso ndinagwa m'mbuna yomweyi. Ana anga oyamba anakula ndili mphunzitsi wa malipiro ochedwa. Ankatunga madzi, ankakonola, ankagulitsa zitumbuwa pa nthawi yopuma kusukulu. Chitsirizira anabadwa zinthu zitayamba kuyenda, pakhomo pali wantchito. Ndinkati ndikumukonda pomulanda tsache ndi khasu m'manja. Ali ndi zaka 22 m'pamene ndinazindikira kuti sadziwa mtengo wa paketi ya shuga, ndipo sanagwirepo ndalama imene inamutulutsa thukuta.

Ife amene tinachoka kutali timawapatsa ana athu zokolola, koma njira imene tinadzera timaibisa ngati chinthu chamanyazi. Inu chuma chanu chachikulu si mashopu awiriwo. Ndi maso anu amene amayang'ana belo lisanadulidwe n'kudziwa ngati libweza ndalama, ndi mtima uja unkawerenga mandasi otsala madzulo osakhudza phindu. Kodi mwanayo munamutengapo ku Limbe m'mamawa kuti aone belo likudulidwa, azimayi akulimbirana zovala, inu mukusankha za pahang'ala ndi za pansi? Zimene tinawagulira ana ndi mbali imodzi ya maleredwe. Mbali ina ndi zimene tinawalola kusenza.

Komabe musadzikhome nokha mlandu wonse. Ntchito zasowa, ndipo achinyamata ambiri a madigiri ali pakhomo mosafuna. Munthu akalemba makalata zaka zitatu osayankhidwa mtima umafa, ndipo kubetcha kumalowera pamene pafa mtimapo. Kukafika popinyolitsa katundu wa m'nyumba si chibwananso ayi, ndi matenda ofanana ndi uchidakwa. Masewera aja anakonzedwa kuti mwini wake azipindula. Wosewera amalawitsidwa pang'ono lero kuti mawa abwere ndi zambiri. Itanani amalume ake, kapena mkulu wa mpingo amene mwanayo amamulemekeza, vutoli litchulidwe dzina lake iye ali pomwepo, mopanda kumunyoza. Ngati zingatheke akaonanenso ndi aphungu a za maganizo kuchipatala.

Mpamba wachitatu musamupatse. Ngongole zake musamubwezere, ndipo TV ija akaiombole yekha. Mupatseni ntchito m'shopu ngati wantchito wina aliyense, nthawi yofikira yodziwika, kope lolemba zogulitsa, malipiro a pamwezi, koma kabati ya ndalama isunge munthu wina. Wanga ndinamuyambitsa ndi anapiye 50 a nkhuku za nyama. Ndinagula anapiyewo ndi chakudya cha masabata 6, zotsala zonse zinali zake: kudzuka usiku kuona mbaula, kusintha utuchi, kutsuka zomwera, kulemba imene yafa. Ulendo woyamba zinafa 14 ndipo analira ngati mwana. Sindinamubwezere ngakhale imodzi. Ulendo wachiwiri zinafa 3. Lero ali pabanja pake ndipo amadzidyetsa, koma zaka ziwiri zoyambazo tinkakhala m'nyumba imodzi moni yekha akuvuta. Konzekerani zimenezo, chifukwa adzakuonani ngati mwauma mtima, ndipo padzakhala usiku wina umene inunso mudzadziona choncho.

FUNSO

Azakhali, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, pano zakwana zaka 6. Mwezi ulionse ndinkatumiza pafupifupi theka la malipiro anga kumudzi ku Mangochi. Uyu wadwala, uyu akufuna feteleza, uyu foni yawonongeka. Chaka chino ndinati ndichepetse kuti ndigule malo n'kuyamba kumanga. Pano akunditcha womana, akuti Joni yandisintha, ndaiwala amene anandilera. Kodi kusunga ndalama n'kumana?

Mtsikana wa ku Joni

YANKHO

Mwana wanga, womana ndi amene nkhokwe yake ili yodzaza mbale wake akugona ndi njala. Iwe nkhokwe ulibe n'komwe, zaka 6 wakhala ukudyetsa anthu kuchokera m'lichero. Ntchito ya m'nyumba m'dziko la eni imatha tsiku limene abwana asamuka kapena msana wako wakana. Ukadzabwerera ndi chikwama chokha, omwe akukutcha womanawa ndi amene adzayambe kufunsa kuti zaka zonsezi unkatani ku Joni.

Koma amene anakulera ali ndi gawo lawo, ndipo ine sindingakuuze kuti uzimitse foni. Ndalama ya amayi ndi okalamba amene anakulera ikhale yodziwika, tsiku lake lodziwika mwezi ulionse, yosasinthasintha. Matenda enieni ndi maliro zikhale ndi kathumba kake kapadera. Zina zonsezi, mafoni ndi zovala za paukwati, yankho likhale limodzi kwa aliyense, kuti wina asadzati wakondera. Nkhaniyi usaikambe ndi mmodzimmodzi pa WhatsApp, udzatopa ndipo mawu ako adzapotozedwa. Uuze amalume, mwini mbumba, iwo ndiwo akaitule kwa abale onse pamodzi.

Ngati mphamvu zilipo, sankha mwana mmodzi pabanjapo amene mutu ukugwira, makamaka wamkazi, umunyamule mpaka amalize. Zofunika kusukulu, kaya ndi yunifomu, makope, ndalama ya mayeso kapena ya kogona, uzilipira molunjika, ndipo lisiti ndi lipoti la teremu azikujambulira. Ukatero udzakhala kwa mwanayo chimene amalume a ku Zomba anali kwa msuweni wa mnyamata wa kabaza uja.

Za malowo, usatumize ndalama kwa munthu kuti akugulire iwe uli kutali. Dikira tchuthi cha December, ukaone malowo ndi maso ako, amfumu ndi mboni alipo, muponde malire onse anayi, pepala lilembedwe m'dzina lako osati la mlongo wako. Malata uyambe kugula awiriawiri ndalama ikapezeka, ndipo uzisungitsa kwa munthu mmodzi amene pa zaka 6 zonsezi sanakupemphepo kanthu.